Kuseri kwa Mphumi ya a Bryson Mhone

Wanangwa anali asanatsitse n'komwe chikwama chake m'minibasi pamene anamva mawu a bambo ake. Anawazindikira msanga, poti ndi mawu omwewo amene ankawerenga Masalimo m'tchalitchi kuyambira iye ali mwana. Koma masana amenewo, pakati pa msika wa Chintheche, mawuwo anali kutukwana.

Anthu anali atazungulira benchi ya mayi wina wogulitsa usipa wofutsa. A Bryson Mhone anaima pakatipo, jekete lawo la kutchalitchi lili paphewa, akumuuza mayiyo zinthu zokhudza thupi lake zimene ngakhale chidakwa chimayamba chayang'ana uku ndi uku chisanazinene. Ena ankaseka, ena ankagwira pakamwa. Bambo wina anali atakweza foni m'mwamba, akujambula.

Wanangwa anadutsa pakati pa anthuwo nawagwira mkono. "Ada, tiyeni kunyumba."

A Mhone anatembenuka, n'kumwetulira ngati palibe chimene chachitika. "Wafika, mwana wanga? Wanenepatu. Kodi kusukuluko akukudyetsa ndi amuna?"

Chiseko chinabukanso. Mayi wa usipa uja, amene anali wamkulu ndithu, anavundikira nsomba zake ndi thumba nalankhula motsitsa mawu.

"Atenge, mwanawe. Ife a Mhone timawadziwa, si awa ayi. Koma lero ndi kachitatu, ndipo si onse amene ali ndi mtima ngati wangawu."

Anayenda m'mbali mwa msewu wa tala, kenako anakhotera kanjira kodutsa m'minda ya chinangwa kolowera kunyanja. A Mhone ankayenda mwamphamvu ngati kale, akufotokoza za mitengo ya mango imene yabereka bwino. Wanangwa ankangowaba ndi diso. Pamwamba pa diso lawo lamanja panali chipsera chotalika ngati chala. Miyezi isanu m'mbuyomo anagwa pa njinga yamoto ya kabaza pafupi ndi Kande, akuchokera kogula misomali ya boti. Anamenyetsa mphumi pa tala, nakhala masiku atatu osadziwa kanthu. Atatsitsimuka anadziwa dzina lawo, anadziwa mkazi wawo, anayenda okha kupita kubafa, ndipo kuchipatala anawatulutsa. Mpingo unachita mapemphero othokoza. Wanangwa, amene anali m'chaka chake choyamba kukoleji, anangomva pa foni kuti bambo achira.

Kunyumba anapeza amayi ake, a Ethel, amene aliyense ankawatchula kuti nyaManda, akuyanika chinangwa chovuula pathandala. Anawonda. Anamulandira mwana wawo ndi dzanja limodzi, maso ali kwa mwamuna wawo.

"Mwawapeza kuti?"

"Pamsika, Ama."

"Atukwana ndani lero?"

A Mhone anadutsa osapereka moni, nakakhala pansi pa mtengo wa mango pomwe panali boti lamatabwa losamaliza. Ntchito yawo inali yokhoma maboti, ndipo asodzi kuyambira ku Bandawe mpaka ku Makuzi ankadziwa kuti boti la a Mhone silimwa madzi. Limeneli linali litakhala pamenepo chigwere ngoziyo, nthiti zake zili pamtunda, nkhuku zikuikira mazira m'kati.

"Bwanji simunandiuze?" anafunsa Wanangwa.

"Ndikanakuuza chiyani? Kuti bambo ako, mkulu wa mpingo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, anaseka pamaliro a mwana wa a Banda mpaka anatulutsidwa? Kuti anawauza amayi a Umanyano, a bungwe la kumpingo lija, kuti yunifomu yawo ikubisa zonyansa? Unali ndi mayeso." NyaManda anapukuta manja pachitenje. "Loweruka awaitana ku sesoni, kukaonekera pamaso pa akulu a mpingo. Ine Lamulungu ndikupita kwathu kwa mchimwene wanga. Ndimadikira iwe kuti ufike."

"Ama, Ada akudwala."

"Akudwala pati? Amadya mbale ziwiri. Amanyamula thabwa limene amuna awiri amalephera. Wodwala amasankha womutukwana?" Kenako anapitiriza. "Sabata yatha, pamaso pa azakhali ako, anandiuza kuti sanandifunepo. Akuti ankafuna Fanny, msuweni wanga, koma atamukana anangotola ine ngati nsomba yotsala m'khoka. Zaka makumi atatu, Wanangwa. Ananena akuseka."

Madzulo a tsiku lomwelo kunabwera azakhali, a Agness, mlongo wawo wa a Mhone. Anakhala pamkeka, namuyang'ana Wanangwa kuyambira kumapazi.

"Ndiye uku kukolejiku akuti ukuphunzira zowerenga maganizo a anthu? Tawerenga anga."

"Si choncho, azakhali. Ndi saikoloje. Timaphunzira chifukwa chake anthu amaganiza ndi kuchita zimene amachita."

"Ndiye wafika nthawi yabwino. Ine ndakuuzira kale amayi akowa. Munthu sagwa pa njinga n'kudzuka ndi lilime lina. Pali dzanja la munthu apa. Maboti ake ankawapweteka mtima ambiri."

"Palibe dzanja la munthu," anatero nyaManda. "Mowa suika mawu m'kamwa mwa munthu, umangotsegula chitseko. N'chimodzimodzi kugwaku. Zimenezi zinali mumtima mwawo kalekale, ankangozivindikira ndi jekete."

"Mlamu, mukumunena mchimwene wanga kuti anali wachinyengo?"

"Ndikunena zimene makutu anga amva."

Wanangwa anakumbukira mphunzitsi wawo m'sabata yoyamba, akuwauza kuti akatswiri a maphunzirowa nawonso samvana. Ena amati khalidwe la munthu limachokera ku zimene anazolowetsedwa ndi mphotho kapena chilango. Ena amakumba zobisika za mumtima zimene mwini wake sazidziwa, monga ankanenera amayi akewa osadziwa kuti zili m'mabuku. Koma pali enanso amene amayamba afunsa za thupi lenilenilo, za ubongo ndi mitsempha yake. M'kalasi zinali zokoma kumva, ndipo iye anakhoza bwino mayeso ake. Pamkeka pano zinali ngati kuponya mbedza m'nyanja yamphepo.

M'mawa mwake anadzutsidwa ndi fungo la petulo. Anatuluka akuthamanga. Kuseri kwa nyumba kunali kachisakasa kosungiramo zipangizo, ndipo bambo ake anali atanjuta m'katimo. Chigubu cha petulo cha injini ya boti chinali chitagwa cham'mbali, dothi lonse lanyowa. Iwo anali ataunjika tizidutswa ta matabwa pansi pa chitini cha phula, bokosi la machesi lili m'manja.

Wanangwa anawatsomphola machesiwo nawakokera panja.

"Wapenga kodi? Ndikufuna kusungunula phula ndimate boti."

"Ada, petulo watayika. Simukumva fungo?"

A Mhone anakoka mpweya ndi mphuno kawiri. "Fungo lanji? Palibe fungo pano."

Wanangwa anawayang'ana nthawi yaitali. Maso ake ankayoyoka misozi ndi ukali wa petuloyo, koma bambo ake anangoima phee. Anawakhazika pachitsa kutali ndi chisakasa, nalowa m'nyumba. Anatulukamo ndi sopo, anyezi wodula pakati, ndi chinangwa chonyowa chochokera m'mphika woviikira, chimene fungo lake limamveka munthu ali kumsewu.

"Tsinzinani, Ada. Tisewere pang'ono. Mundiuze chimene ndaika pamphuno panu."

Anatsinzina akuseka. Sopo sanamudziwe. Anyezi anati ndi madzi. Chinangwa chija anati, "Ukundinamiza, palibe chimene wagwira." Atatsegula maso n'kuona chili pamphuno pawo penipeni, chiseko chinazimiririka. Kwa kanthawi kochepa nkhope yawo inabwerera kukhala ya bambo amene Wanangwa ankawadziwa.

"N'chifukwa chake ndiwo sizikukoma," anatero pang'onopang'ono. "Ine ndimati amayi ako asiya kuphika bwino dala."

NyaManda anali ataima pakhomo, tsache lili m'manja. Wanangwa anatenga buku lake m'chikwama, natsegula pa chithunzi cha ubongo, nawaonetsa amayi ake. Analoza mbali yakutsogolo, imene ili kuseri kwa mphumi.

"Apa, Ama, ndi pamene pamathandiza munthu kudzigwira, kusankha choyenera kunena, ndi kulongosola ntchito kuti ayambe ichi amalize icho. Mitsempha yonunkhizira imadutsa pansi pake pomwepa. Ada anamenyetsa apa. Fungo lapita, boti lawakanika, pakamwa pamasuka. Zonsezi zayamba tsiku limodzi. M'bukumu muli nkhani ya munthu wina wogwira ntchito ya njanji kalekale, amene chitsulo chinamuboola mutu malo omwewa. Anachira, koma anzake anati si yemwe uja."

NyaManda anayang'ana chithunzicho mosafulumira. "Dzina la Fanny lili pati pamenepa?"

Anamubwezera Wanangwa bukulo napitiriza kusesa.

Tsiku lomwelo Wanangwa anapita kwa a Peterson Longwe, mlembi wa sesoni, mphunzitsi wopuma amene anaphunzitsa theka la mudziwo kuwerenga. Anawapeza pakhonde akusoka ukonde wa mdzukulu wawo. Anagwada kupereka moni, ndipo atamupatsa mpando anayamba kufotokoza. Mantha anamuchititsa kulankhula mothamanga, akusakaniza mawu a Chingerezi a m'buku, mpaka a Longwe anakweza dzanja.

"Mwana wanga, Chingerezi ndinachiphunzitsa iwe usanabadwe. Lankhula zoti ndikawauze anzanga akamve."

Wanangwa anayambiranso, mwachidule. A Longwe anamvetsera, singano ili m'manja.

"Ndamva. Koma tandiyankha ichi. Ngati ndi ubongo umene ukutukwana, tchimo lili kuti? Mawa wakuba adzati ndi ubongo, wachigololo adzati ndi ubongo. Mwana akalakwa timamudzudzula kuti asabwerezenso. Ifenso sitikufuna kumutaya Bryson. Tikufuna chilango chimubweze."

"Munawadzudzula kale kangati, Ada Longwe?"

"Kanayi. Ine ndekha kawiri."

"Anasintha?"

"Amavomera, amapepesa, nthawi zina amalira. Tikangotuluka pachipata wayambiranso."

"Funso lanu loyamba lija sindingaliyankhe, ndangophunzira chaka chimodzi," anatero Wanangwa. "Koma inu mwakhala nawo pabenchi imodzi zaka zonsezi. Asanagwe, munawamvapo akutukwana munthu?"

A Longwe anaika singano pansi. Anayang'ana kumsewu, kumene amayi awiri ankadutsa atasenza nkhuni.

"Tsiku lina nyundo inamuphwanya chala ine ndili pomwepo. Chikhadabo chinachoka. Anangoti, 'Yewo, Ambuye, chatsala china.'" Anapukusa mutu. "Komabe mpingo suyenda ndi zimene mwana wa munthu wawerenga m'buku. Mayi wa mwana womwalira uja akudikira kuti amve chimene tachita, nayenso ndi nkhosa yathu. Bwera ndi kalata ya kuchipatala Loweruka lisanafike. Ndikaiwerenga pamaso pa onse. Kupitirira pamenepo sindikulonjeza."

Vuto linali kuwatengera amayi ake kuchipatalako. Wanangwa anadziwa kuti adokotala adzafuna munthu amene wakhala ndi wodwalayo tsiku ndi tsiku. NyaManda anakana kawiri. Kachitatu anati, "Ndipita kuti mawa usadzanene kuti amayi anathawa osamva." Lachinayi m'mawa anakwera minibasi onse atatu. M'njira a Mhone anamuuza kondakitala kuti mano ake ali ngati a mbuzi, ndipo Wanangwa anapepesa m'malo mwawo.

Anadikira pamzere mpaka dzuwa linafika pamutu. Amene anawaona anali dokotala, a Dingani Kamanga, bambo wamfupi wa magalasi, wolankhula mosathamanga. Anawerenga buku la kuchipatala la a Mhone, namvetsera zimene Wanangwa ankaganiza, nafunsa nyaManda mafunso ambiri: ngati mwamuna wawo amakomoka, ngati amadandaula mutu, ngati amagona bwino, ngati anayamba wamenyapo munthu. Kenako anatembenukira kwa a Mhone.

"Bambo, ndikagogoda tebulo kamodzi, inunso mugogode kamodzi. Ndikagogoda kawiri, musagogode. Mwamva?"

"Ndamva. Kamodzi ndigogode, kawiri ndisagogode. Zachibwana."

A Kamanga anagogoda kamodzi, a Mhone anagogoda. Anagogoda kawiri, a Mhone anagogodanso. Anabwereza kasanu, ndipo nthawi zonse dzanja la a Mhone linkatsika patebulo.

"Lamulo lija linali lotani, bambo?"

"Kawiri ndisagogode."

"Nanga bwanji mukugogoda?"

A Mhone anayang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina. "Likungopita lokha," anatero.

NyaManda anasuntha pampando. A Kamanga anavula magalasi.

"Mayi, mwaona nokha. Lamulo akulidziwa, koma chowaletsa chafooka. Zikuoneka kuti kugwa kuja kunavulaza mbali yakutsogolo ya ubongo, monga wanenera mwana wanuyu. Kuti titsimikize, ndikulemberani kalata mupite ku Mzuzu akawajambule mutu. Pakali pano asayandikire moto, petulo, kapena kupita panyanja okha."

"Achira, eti adokotala?" anafunsa Wanangwa. "Tinaphunzira kuti ubongo umatha kupeza njira zina."

"Umatha, koma osati nthawi zonse, ndiponso osati msanga. Ena amasintha pakapita chaka kapena ziwiri. Ena amakhala choncho. Musawalonjeze amayi zimene ine sindingathe kulonjeza."

Wanangwa anaweramitsa mutu. NyaManda anamuuza kuti atuluke ndi bambo ake akadikire panja, koma Wanangwa atawakhazika pabenchi ya pakhonde anabwerera n'kuima pakhomo.

"Adokotala," ankatero nyaManda, "ine sindinapite patali ndi sukulu. Mundiuze chimodzi. Mawu amene akunenawa, kugwaku ndi kumene kwawaika m'mutu, kapena analimo kale, ankangowavindikira ndi jekete?"

A Kamanga anati, "Tonsefe, mayi, mumabwera zinthu zambiri m'mutu tsiku lililonse. Zina ndi zoona, zina ndi zinyalala zongodutsa, zoti ukazinena ungadabwe wekha. Timazibweza zisanafike pakamwa. Amuna anu sakutha kubweza. Zoona ndi zinyalala zikutulukira pamodzi."

"Ndiye zimene anandiuza ine, zoti ankafuna mkazi wina, ndi ziti?"

"Sindingadziwe. Ngakhale makina a ku Mzuzu sangaone zimenezo. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti munthu amene anakhala nanu zaka makumi atatu, akusankha tsiku ndi tsiku chonena ndi chochita, analinso iwowo. Sanali jekete chabe."

NyaManda anapinda kalata ziwiri zimene a Kamanga analemba, ya ku Mzuzu ndi ya kumpingo, naziika m'kachikwama kawo.

Loweruka a Mhone anavala jekete n'kupita ku sesoni, Wanangwa akuwaperekeza. Iye anadikira panja pansi pa mtengo wa mbawa maola awiri. Kawiri anamva mawu a bambo ake akukwera, kenako a a Longwe akuwatsitsa. Pomaliza a Longwe anatuluka okha.

"Sitinawadule mumpingo," anatero. "Talemba kuti apume pa ukulu chifukwa cha matenda. Mgonero azidya. Ena atatu sanakondwe, akuti tatsegula khomo loipa, ndipo mwina akunena zoona. Mawa ndikalengeza kuti anthu adziwe kuti mbale wathu anavulala m'mutu. Kwa a Banda ndipita ndekha kukafotokoza. Bryson atamva kuti sazikhalanso kutsogolo, anafunsa kuti, 'Ndalakwa chiyani, Peterson?' Ndamuyankha, koma sindikudziwa ngati mawa adzakumbukire kulemera kwake."

Pobwerera a Mhone anayenda chete mtunda wautali. Atafika pa mlatho waung'ono anaima.

"Wanangwa, kodi ndine munthu woipa?"

"Ayi, Ada. Munavulala."

"Amayi ako amalira. Ndimawaona. Ndimadziwa kuti ndiyenera kumva chisoni, koma ndikachifuna m'katimu sindichipeza." Anagwira pachifuwa. Kenako anaona galu akuwoloka msewu ndi miyendo itatu, n'kuyamba kuseka mpaka kugwira m'mimba.

Lamulungu nyaManda sanapite kwawo, koma sanapitenso kutchalitchi. Anakhala tsiku lonse kumunda. Lolemba anatuma uthenga kwa a Agness kuti abwere. Wanangwa anali atakonzeka kale ndi zonena zake, ndipo atakhala pansi onse atatu anayamba ndi iye.

"Ndaganiza zolembera kukoleji kuti ndiime kaye chaka chimodzi. Ndizikhala ndi Ada."

"Ayi," anatero nyaManda.

"Ama, inu mwatopa."

"Ndatopa, inde. Koma ukakhala pano udzangokhala wachiwiri wotukwanidwa, ndipo zimene wadziwazo zidzathera pa chaka chimodzi chomwecho. Ubwerera kusukulu." Anatembenukira kwa a Agness. "Mlamu, mutu umodzi susenza denga. Uyu ndi mwamuna wanga, koma ndi mchimwene wanunso. Ku Mzuzu ndipita nawo ine. Tikabwerako, Lachisanu lililonse ndizipita kwathu, ndizibwera Lolemba m'mawa. Masiku amenewo muzigona pano ndinu. Machesi ndi petulo ndapereka kale kwa a Longwe."

"Anthu adzati chiyani, mkazi kumasiya mwamuna wodwala sabata iliyonse?"

"Anene. Amene akufuna kunena abwere adzakhale nawo tsiku limodzi. Ndikapanda kupuma ndidzachoka osabweranso, ndipo ndikudziwa tsiku lake silili patali."

A Agness anati, "Za dzanja la munthu zija ine sindinasiye kukhulupirira."

"Khulupirirani, bola Lachisanu mufike."

"Nanga mwawakhululukira?" anafunsa Wanangwa motsitsa.

NyaManda anayang'ana kumtengo wa mango, kumene mwamuna wawo anakhala akuthamangitsa nkhuku ndi kamtengo. "Sindikudziwa woti ndimukhululukire. Amene ananena mawu aja sakudziwa kuti analasa. Amene akanadziwa kulibe. Ndingokhala nawo mawuwo."

Masabata atatu a tchuthi anatha msanga. Anapita ku Mzuzu, ndipo chithunzi chinaonetsa zipsera ziwiri kutsogolo kwa ubongo. Anawapatsa tsiku lobwereranso pakatha miyezi itatu. Wanangwa anayesa zina zimene anawerenga. Analemba ntchito za tsiku papepala n'kumata pachitseko, imodzi imodzi: kupala thabwa limodzi, kupuma, kukhoma misomali khumi. Masiku ena zinkatheka, ndipo boti linakwera ndi matabwa awiri. Masiku ena a Mhone ankang'amba pepalalo n'kumutukwana. Anazindikiranso kuti bambo ake akatopa kapena akakhala pagulu ndi pamene pakamwa pamathamanga, choncho anagwirizana ndi amayi ake kuti kumsika azipita m'mamawa anthu asanachuluke, ndipo akangoyamba, asamakangane nawo koma kuwagwira dzanja n'kuchoka.

Tsiku lobwerera kukoleji, makolo ake onse awiri anamuperekeza kumsewu. Minibasi itaima, nyaManda anamupatsa kathumba ka ufa wa kondowole ndi usipa, namukokera pambali.

"Buku lako lija lanena zoona za bambo ako, sindikutsutsa. Ukafika ukamufunse mphunzitsi wako ngati mulinso mutu wonena za mkazi wa munthu wotereyu. Ngati ulimo, undiimbire foni undiwerengere."

"Ngati mulibe, Ama?"

"Ndiye uziphunzira msanga."

Wanangwa anakwera nakhala pawindo. Minibasi ikunyamuka, anaona mayi wina wonyamula mwana akudutsa pafupi ndi makolo ake, ndipo bambo ake anatembenuka, chala chitaloza kale, pakamwa patatseguka. NyaManda sanawayang'ane n'komwe kumaso. Anawagwira padzanja, nawatembenuzira ku kanjira ka m'chinangwa, ndipo a Mhone anatsatira akulankhulabe.